Phungu wa mavoti ochepa, pulezidenti wa 50+1: malamulo awiri pa tsiku limodzi

Mayi wina wa m'boma la Zomba watilembera motere: "Pa chisankho chapitachi, pepala la aphungu kwathu kuno linali ndi mayina ambirimbiri. Tikamacheza kumsika, kuchigayo ngakhale pamaliro, zikuoneka kuti ambirife sitinavotere amene anapambanayo. Koma pa pulezidenti akutiuza kuti pamafunika 50+1. Zikutheka bwanji kukhala ndi malamulo awiri pa tsiku limodzi? Mwana wanga amene ali ku Joni akuti kumeneko amavotera chipani ndipo palibe voti yotayika. Kodi njira yawoyo si yabwino kuposa yathu?"

Mayi, zimene mukumva pochezazo zikhoza kukhala zoona ndithu, popanda munthu kuba voti ngakhale imodzi. Pa aphungu ndi makhansala, lamulo lathu silifunsa ngati wopambana wafunidwa ndi anthu oposa theka. Limangoona amene wapeza mavoti ambiri kuposa mnzake aliyense payekhapayekha. Tiyerekeze dera limene anthu 20,000 aponya voti, opikisana alipo asanu ndi atatu. Woyamba wapeza 5,200, wachiwiri 4,900, wachitatu 3,800, ndipo asanu otsalawo agawana 6,100. Wa 5,200 uja ndiye akukalumbira ku Lilongwe, ngakhale anthu 14,800 anachonga dzina lina. Mwa anthu anayi amene mungawapeze pachigayo, atatu adzakuuzani kuti sanamuvotere, ndipo sakunama. Opikisana akamachuluka, mavoti ofunika kuti munthu apambane amanka nachepa.

Njira imeneyi tinaitengera kwa Angerezi, ndipo inalowera konkuno ku Zomba, kumene kunali likulu la dziko mpaka 1975 ndiponso kumene aphungu ankakumana mpaka 1994. Chisankho cha mu Ogasiti 1961 chinali ndi akaundula awiri. Mipando 20 inali ya kaundula wa m'munsi, momwe munali Amalawi amene anakwanitsa zoyenereza, ndipo mipando 8 inali ya kaundula wa pamwamba, wa anthu a chuma, makamaka azungu ndi amwenye. Kagulu kochepa kanapatsidwa mipando 8 pa 28 anthu asanafike n'komwe pamzere. MCP inatenga mipando yonse 20 ya m'munsi. Kenaka kunabwera ulamuliro wa chipani chimodzi kuyambira 1966, ndipo pamene nyali inagonjetsa tambala wakuda pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, mitima ya anthu inali pa chinthu chimodzi, choti zipani ziloledwe kupikisana. Za kawerengedwe ka mavoti sizinatenge malo pa zokambirana za anthu wamba. Tinangopitiriza ndi njira yakale, pa aphungu ndi pa pulezidenti pomwe.

Pa pulezidenti ndi pamene chilema chake chinaonekera msanga. Mu 1994 a Bakili Muluzi analowa m'boma ndi mavoti 47 peresenti, a Kamuzu Banda anapeza 33, a Chakufwa Chihana pafupifupi 19. Mu 2004 a Bingu wa Mutharika anapambana ndi 36 peresenti yokha. Mu 2014 a Peter Mutharika anapeza 36.4, a Lazarus Chakwera 27.8, mayi Joyce Banda 20.2. Pa zotsatira za 2019, zimene khothi linadzazifafaniza, a Mutharika anali ndi 38.6, a Chakwera 35.4, a Saulos Chilima 20.2. Pa zisankho zisanu ndi chimodzi kuyambira 1994 kufika 2019, ziwiri zokha ndi zimene wopambana anadutsa theka: 1999, pamene a Muluzi anapeza 52, ndi 2009, pamene a Bingu anapeza 66.

Andale amadziwa masamu, ndipo mbuzi imadya pomwe aimangirira. Ngati 36 peresenti ikukwanira kulowa kunyumba ya boma, munthu wanzeru zake sataya mafuta kukagwada kwa anthu a chigawo chimene sichimufuna. Amangolimbitsa kwawo, n'kutola pang'ono m'maboma oyandikana nawo, n'kumapempherera kuti otsutsana naye akhale atatu kapena anayi. Akalowa m'boma amakumbukira amene anamuika. Misewu, maudindo a m'mabungwe a boma ndi maunduna zimayamba kupendekera mbali imodzi, ndipo a mbali zinazo amayamba kudikira nthawi yawo. Timakonda kunena kuti Amalawife timavota motsata chigawo ngati kuti ndi chibadwa chathu. Ine ndimaona kuti lamulo lenilenilo linkalipira khalidwe limenelo kwa zaka 26, ndipo khalidwe limene likulipidwa silitha ndi ulaliki.

Nkhondo yosintha lamuloli inatenga nthawi. Chitatha chisankho cha 1999, a Gwanda Chakuamba anakadandaula kukhothi, ndipo bwalo la Supreme linagamula kuti woposa anzake ndiye wapambana, afike theka asafike. Mu 2017 komiti yapadera ya bungwe lounika malamulo, motsogozedwa ndi jaji Anthony Kamanga, inalangiza kuti pulezidenti azisankhidwa ndi mavoti oposa theka, koma aphungu anakana ganizolo mu Disembala chaka chomwecho. Zinatembenuka pa 3 Febuluwale 2020, pamene majaji asanu anafafaniza chisankho cha 2019, chija cha mapepala ofufutidwa ndi Tipp-Ex, nanenanso kuti gawo 80 la malamulo oyendetsera dziko limafuna mavoti oposa theka. Bwalo la Supreme linagwirizana nawo pa 8 Meyi. Apa ndi pamene panabadwira malamulo awiri amene mukufunsawa. Chigamulo chinakonza mpando wa pamwamba, koma aphungu ndi makhansala akusankhidwabe m'njira ya 1961 ija.

Onani mmene andale anasinthira mayendedwe m'masabata ochepa. A Chakwera ndi a Chilima, amene miyezi ingapo m'mbuyomo ankalimbirana mavoti, anapezeka pa pepala limodzi mu mgwirizano wa Tonse. A Mutharika anatenga a Atupele Muluzi a UDF kukhala wachiwiri wawo. Pa 23 Juni 2020 a Chakwera anapambana ndi pafupifupi 59 peresenti. Anthu ake anali omwewo, mavuto a dziko omwewo, chinasintha ndi lamulo lowerengera basi. Pa 16 Seputembala 2025 opikisana analipo 17, koma a Mutharika anapeza 56.8 peresenti, a Chakwera 33. Ovota nawonso aphunzira kusonkhanitsa mavoti pa mayina awiri akuluakulu. Kufikira lero sitinaponyepo voti ya gawo lachiwiri, ija ya pakati pa awiri otsogola. Kumene inachitika imatha kutembenuza zinthu. Ku Ghana mu 2008, Nana Akufo-Addo anatsogola pa gawo loyamba ndi 49 peresenti, koma pa gawo lachiwiri John Atta Mills anamudutsa ndi mavoti ochepa kwambiri. Anzathu a ku Zambia anakhazikitsa 50+1 mu 2016, atakhalapo ndi pulezidenti, Levy Mwanawasa, amene anasankhidwa mu 2001 ndi mavoti osakwana 30 peresenti.

Ndimaikonda 50+1, koma siichiza zonse. Imakakamiza zipani kugwirizana chisankho chisanachitike, ndipo mapangano ake amasainidwa kuchipinda, ovota osaona chimene chalembedwa. Malamulo athu sanena kanthu za mapangano oterewa, motero akasemphana m'boma palibe kokadandaula. Komanso munthu akhoza kufika theka ndi zigawo ziwiri zokha, chachitatu n'kuchisiya. A ku Kenya anaona zimenezi, ndipo malamulo awo a 2010 amafuna kuti wopambana adutse theka komanso apeze 25 peresenti m'madera osachepera 24 mwa madera awo 47. Ku Nigeria amafuna 25 peresenti m'zigawo ziwiri mwa zitatu zilizonse. Chilema chachikulu n'chakuti 50+1 sipatsa pulezidenti aphungu. A Chakwera analowa mu 2020 ndi mavoti ochuluka chotero, koma Nyumba ya Malamulo inali yomwe ija ya 2019, momwe MCP inapeza mipando 55 yokha.

Mwina mukuti bwanji osangoika 50+1 pa aphungunso. N'zotheka. Ku France aphungu amasankhidwa m'magawo awiri. Koma madera athu tsopano ndi 229, mawodi a makhansala 509, ndipo ambiri mwa iwo angafunike kuvotanso: mapepala ena, magalimoto ena, aphunzitsi oyendetsa chisankho kuwalipiranso, ndipo mayi wa ku Chisi kapena ku Chingale asiyenso ntchito zake tsiku lina. Ku Australia anapeza njira yochitira zimenezi tsiku limodzi. Wovota amalemba 1 pa amene akumufuna kwambiri, 2 pa wotsatira, mpaka mmunsi. Wa mavoti ochepetsetsa amachotsedwa, mavoti ake n'kupita kwa amene analembedwa 2, mpaka wina adutse theka. Ndi njira yanzeru, ngakhale kwathu kuno, kumene agogo ambiri amavota poona chizindikiro ndi nkhope, ingafune maphunziro aakulu ndipo mavoti owonongeka angachuluke poyamba. Komabe zonse ziwirizi zimangotsimikiza kuti phungu mmodziyo wavomerezedwa ndi theka la dera lake. Sizikhudza funso lalikulu limene mwana wanu wadzutsa, loti kodi Nyumba ya Malamulo yonse ikufanana ndi mmene dziko lavotera.

Pamenepa tiyeni tiike anthu awiri pambali pa mnzake. Mu 1994 a Chihana anapeza pafupifupi 19 peresenti pa upulezidenti, ndipo chipani chawo cha AFORD chinatenga mipando 36 pa 177, kuphatikizapo yonse 33 ya kumpoto. Mu 2019 a Chilima anapeza 20 peresenti, oposa mavoti miliyoni imodzi, koma UTM inapeza mipando 4 pa 193. N'zoona kuti voti ya pulezidenti ndi ya phungu sizifanana ndendende, popeza ena amachonga pulezidenti wa chipani china, phungu wa china. Koma kusiyana kwa 36 ndi 4 sikungafotokozedwe ndi zimenezo zokha. Otsatira a Chihana anali pamalo amodzi, ndiye m'dera lililonse la kumpoto anali ochuluka. Otsatira a Chilima anali omwazikana, ena kumpoto, ena m'mizinda, ena pakati pa achinyamata dziko lonse, ndiye m'madera ambiri ankathera pa nambala 2 kapena 3, pamene lamulo lathu silipereka kanthu. Chipani chimene chikuyesa kukondedwa pang'onopang'ono paliponse chimalangidwa, cha chigawo chimodzi chimalandira mphotho. Kwa dziko limene limalira usiku ndi usana za kusankhana zigawo, chimenechi chimandipweteka mtima kuposa nkhani ya phungu mmodzi wa mavoti ochepa.

Si kwathu kokha. Ku Britain, eni ake a njirayi, chipani cha Labour chinapeza pafupifupi 34 peresenti mu 2024 koma chinatenga mipando yoposa 400 pa 650, pamene Reform UK, ndi 14 peresenti, inapeza mipando 5. Ku Botswana chaka chomwecho, BDP, imene inalamulira kuyambira 1966, inali yachiwiri pa mavoti ndi pafupifupi 30 peresenti koma inatsala ndi mipando 4 pa 61, ndipo UDC inatenga 36. Otetezera njirayi amati ubwino wake ndi womwewo, kuti imapatsa chipani chimodzi mphamvu zokwanira kulamula, ndipo chikalephera anthu amachichotsa mosavuta. Katswiri wa ku France, Maurice Duverger, anaonetsa kale m'zaka za m'ma 1950 kuti njira imeneyi imakonda kusiya zipani zazikulu ziwiri. Kwathu kuno lonjezo limenelo silikwaniritsidwa. Chiyambire 1994, chipani chimodzi chapezapo mipando yoposa theka kamodzi kokha, DPP mu 2009. UDF inapeza 85 pa 177 mu 1994 ndi 93 pa 193 mu 1999. Ngakhale mu 2025 palibe chipani chimene chinafika theka la 229. Tikulipira mtengo wa njirayi, mavoti otayika, koma katundu amene imalonjeza sitikumulandira.

Boma likakhala lopanda aphungu okwanira, limawafunafuna chisankho chitatha, ndipo apa ndi pamene gawo 65 la malamulo oyendetsera dziko, lochotsa pa mpando phungu wosamuka chipani, limatchuka. A Bingu atatuluka mu UDF mu 2005 n'kuyambitsa DPP, aphungu ambiri anawatsatira, ndipo otsutsa anaumirira kuti Sipikala achotse kaye osamukawo asanakambirane bajeti. Mu 2007 ndi 2008 bajeti inachedwa chifukwa cha mkangano umenewu. Mu 2012, mayi Joyce Banda, amene anakhalapo phungu wa Zomba Malosa, atalowa pa mpando a Bingu atamwalira, gulu la aphungu linasamukiranso ku PP. Oyima paokha nawo achuluka: 52 mu 2014, kuposa chipani chilichonse, ndi 55 mu 2019. Ambiri a iwo ndi anthu amene anakhumudwa pa zisankho zachipulula za zipani zawo, ndipo akapambana amapita kumbali ya boma. Munthu amene munamusankha chifukwa sanali wa chipani chakuti, pakutha pa mwezi mumamuona atavala nsalu ya chipani chomwecho. Njira yochotsera phungu nthawi yake isanathe inalipo m'gawo 64, koma aphungu analichotsa mu 1995.

Pali china chimene njirayi imachita pa ntchito ya phungu. Poti mpando wake ukhoza kutayika ndi mavoti mazana ochepa, amaopa kukana pempho lililonse. Amakhala wogula bokosi la maliro, wonyamula odwala kupita nawo ku Zomba Central, wolipira fizi, wokonza mjigo. Amene amakhala pansi n'kuwerenga bajeti mzere ndi mzere koma sanafike pamaliro a kwa amfumu, amagwa. Chizolowezi chimenechi chinakula kwambiri pakati pa 2005 ndi 2014, zaka zimene dziko linakhala lopanda makhansala, ndipo thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu (CDF) linachilimbitsa. Koma ndisanyoze chinthu chimene inu nomwe mumachidalira. Phungu wa dera ali ndi dzina, ali ndi nyumba imene mumaidziwa. Mlatho wa pa Likangala ukakokoloka, kapena madzi a m'nyanja ya Chilwa akasefukira m'midzi ya ku Kachulu, pali munthu mmodzi woti mumuloze chala, ndipo Amalawi amachotsadi aphungu ambiri pa chisankho chilichonse. Mphamvu imeneyo si yoitaya mwachibwana.

Tsopano za ku Joni. Mwana wanu akunena zoona kwakukulukulu. Nyumba ya Malamulo ya ku South Africa ili ndi mipando 400, ndipo chipani chilichonse chimalandira mipando molingana ndi gawo la mavoti amene chapeza. Chikapeza 10 peresenti chimalandira mipando pafupifupi 40. Chipani chimapereka mndandanda wa mayina chisankho chisanachitike, ndipo olowa m'Nyumba amatengedwa kuyambira pamwamba. Ngakhale chipani chaching'ono kwambiri, chosakwana 1 peresenti, chimapeza mpando. Mu 2024 ANC inapeza 40 peresenti ndi mipando 159, koyamba kulephera theka chiyambire 1994, ndipo inakakamizika kupanga boma limodzi ndi DA ndi zipani zina. Dziwaninso kuti kumeneko anthu savotera pulezidenti mwachindunji, amasankhidwa ndi aphungu. N'chifukwa chake Thabo Mbeki mu 2008 ndi Jacob Zuma mu 2018 anatula pansi udindo chipani chawo chitawauza kutero. Mozambique ndi Namibia amasankhanso aphungu pa mndandanda, ngakhale pulezidenti amamuvotera payekha.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Wotsatira MCP wa ku Jali ndi wotsatira DPP wa ku Dowa, amene lero mavoti awo a phungu kawirikawiri sapindula kanthu, onse akhoza kuwerengedwa. Chipani chingakhale ndi chifukwa chokachitira kampeni kumene sichikondedwa, poti voti ya ku Mayaka ingalemere chimodzimodzi ndi ya kwawo kwa mtsogoleri. Amayinso amalowa mosavuta, chifukwa chipani chikhoza kusinthanitsa mayina, mwamuna, mkazi, mwamuna, mkazi. Ku South Africa amayi amapitirira 40 peresenti ya aphungu, pamene kwathu mu 2019 sanafike 50 pa mipando 193. Komiti ya jaji Kamanga ija inalangizanso kuti boma lililonse mwa maboma 28 likhale ndi mpando wa phungu wamayi, ngati mmene achitira ku Uganda, koma ganizolo silinakhale lamulo.

Komabe mufunseni mwana wanuyo kuti phungu wa kumene akukhalako dzina lake ndani. Ambiri kumeneko sangayankhe. Pa njira ya mndandanda, amene amakupatsa ntchito ndi amene wakulemba pa nambala 12 m'malo mwa nambala 90, ndipo ameneyo ndi mkulu wa chipani. Phungu amaopa likulu la chipani kuposa mudzi. A ku South Africa eni ake akhala akudandaula zimenezi kwa zaka zambiri, ndipo komiti imene inatsogozedwa ndi Frederik van Zyl Slabbert inalangiza mu 2003 kuti aphungu ambiri azichokera m'madera, koma boma silinatsatire. Tsono ganizirani zipani zathu, zimene zambiri zimayenda ndi thumba la munthu mmodzi kapena banja limodzi, zimene zisankho zake zachipulula zimathera m'madandaulo. Mukapatsa atsogoleri amenewa cholembera kuti alembe okha mayina onse 229, ndikuopa kuti pamwamba padzadzaza achibale ndi othandiza chipani ndi ndalama, ndipo mlimi wa ku Thondwe sadzakhala ndi khomo logogoda. Mu Julayi 2002 bilu yochotsa malire a nthawi ya pulezidenti inalephera ndi mavoti atatu okha. Pa nkhani ngati imeneyo pamafunika aphungu otha kukana zofuna za atsogoleri awo, ndipo phungu amene mpando wake uli m'manja mwa anthu a kwawo amalimba mtima kuposa wodikira kulembedwa pa mndandanda. Njira imeneyi imachulukitsanso tizipani, ndipo kumene chipani chimangofunika mavoti ochepa kuti chilowe m'Nyumba boma limavuta kupanga. Israel inavota kasanu pakati pa 2019 ndi 2022.

Ndiye yankho langa pa funso lanu lomaliza ndi lakuti njira ya ku Joni imawerenga mavoti mwachilungamo kuposa yathu, koma sindingaitengere kuno yonse mmene ilili. Chimene ndingakonde n'chophatikiza, chonga cha ku Germany ndi ku New Zealand, kumene anachisankha pa riferendamu mu 1993. Wovota amachonga kawiri, koyamba munthu wa dera lake, kachiwiri chipani. Aphungu a madera amalowa monga mwa masiku onse. Kenaka pamakhala mipando ina yapadera yokonzera chilungamo: chipani chimene chapeza 20 peresenti ya mavoti a zipani koma chapambana madera anayi okha, chimawonjezeredwa kuchokera pa mndandanda wake mpaka chiyandikire 20 peresenti ya Nyumba yonse. Ku Germany chipani chimayenera kufika 5 peresenti kuti chilandire nawo, pofuna kupewa tizipani ta m'chikwama.

Dziko la mu Africa muno limene linayesa zimenezi ndi Lesotho, ndipo nkhani yake ndi yoyenera kuimva yonse. Mu 1998 chipani cha LCD chinapeza pafupifupi 60 peresenti koma chinatenga mipando 79 pa 80. Otsutsa, amene anali ndi mavoti anayi pa khumi aliwonse, anatsala ndi mpando umodzi. Kunabuka ziwawa, masitolo a mu Maseru anatenthedwa, asilikali a South Africa ndi Botswana analowa m'dzikomo. Kuyambira 2002 anayamba njira yophatikiza, mipando 80 ya madera ndi 40 yokonzera, ndipo otsutsa anapeza malo m'Nyumba. Koma mu 2007 zipani zazikulu zinapeza kabowo: zinagwirizana ndi tizipani tating'ono kuti anthu avotere chipani china pa dera, china pa mndandanda, n'kutenga mipando yokonzera imene sinali yawo. Pambuyo pake maboma a mgwirizano anagwa motsatizana, ndipo anavota mu 2012, 2015 ndi 2017. Tikadzafuna njira imeneyi tidzayenera kutseka kabowo kameneko, kulimbitsa gawo 65 kuti wolowa pa mndandanda asasamuke ndi mpando, ndi kukakamiza zipani kusankha mayina a pa mndandanda poyera, pamaso pa mamembala. Ife tili ndi chimodzi chimene Lesotho ilibe: pulezidenti wathu amasankhidwa ndi anthu, motero mgwirizano wa m'Nyumba ukasweka boma siligwa. Sindingakondenso kuti Nyumba ikule kuposa 229. Madera achepe, mipando yokonzera ichokere momwemo.

Nkhani ya malire a madera ndiitchule pang'ono, poti nayonso imasintha kulemera kwa voti yanu. Madera 193 aja anakhala osasinthidwa kuyambira chisankho cha 1999 mpaka cha 2019, ndipo Zomba inali ndi khumi. M'zaka zimenezo Chinamwali, Matawale, Sadzi ndi Chikanda zinadzaza anthu, monga zinachitikiranso m'mizinda ina, koma mipando sinasinthe. Dera la ovota ambiri ndi dera la ovota ochepa onse amatumiza phungu mmodzi, wa voti imodzi m'Nyumba. MEC inakonzanso malire chisankho cha 2025 chisanafike, ndipo ntchito imeneyi ikufunika kumachitika pa nthawi yake, osadikiranso zaka zoposa 20.

Zonsezi kuti zisinthe zimadutsa m'manja mwa aphungu, ndipo kusintha malamulo oyendetsera dziko kumafuna aphungu awiri mwa atatu aliwonse, amene pa 229 ndi 153. Onsewo analowa ndi lamulo limene tikufuna alisintheli, ndipo munaona mmene anachitira mu 2017. Ku New Zealand zipani zazikulu sizinkafunanso, zinagonja chifukwa anthu anaumirira mpaka nkhaniyo inapita ku riferendamu. Inu poyambira panu ndi pafupi. Zotsatira za dera lanu si zachinsinsi: zimakhomedwa pamalo ovotera ndipo MEC imazifalitsa. Tengani mavoti a wopambana, muwayerekeze ndi mavoti onse oponyedwa, mudziwe ngati zokamba za kuchigayo zikugwirizana ndi manambala. Ndipo aphungu anu akadzabwera kumsonkhano wa chitukuko, nkhani ya mjigo ndi ya mlatho zikatha, muwafunse kuti bilu yobweretsa mipando yokonzera, kapena yobwezeretsa gawo 64, itafika m'Nyumba iwo angavote bwanji.